Mafumu 150 pachilumba chimodzi: nanga mfumu ya Ireland inali iti?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale: "Ndawerenga kuti Brian Boru anali mfumu ya dziko lonse la Ireland mpaka pomwe anaphedwa m'chaka cha 1014. Koma pena ndawerenganso kuti dzikolo linali ndi mafumu oposa 100. Zoona ndi ziti? Nanga ufumu wawo unkapita kwa ndani, kwa mwana wa mfumu kapena kwa mwana wa mlongo wake monga achitira Achewa?"

Aphunzitsi, zonse ziwiri mwawerengazo n'zoona. Chosokoneza n'chakuti liwu limodzi la Chiairishi, rí, linkatchula anthu a misinkhu yosiyana kwambiri, monganso liwu lathu lakuti mfumu limagwira kuyambira nyakwawa ya mudzi mpaka mfumu yaikulu.

Chilumba cha Ireland n'chochepa kuposa Malawi, masikweya kilomita pafupifupi 84,000. M'zaka za m'ma 600 ndi 700 chinali chogawika m'timaufumu tomwe ankatitcha túath, ndipo akatswiri amayerekeza kuti tinalipo pakati pa 100 ndi 150. Túath iliyonse inali ndi mfumu yake, oweruza ake, alakatuli ake ndi tchalitchi chake. Munthu wamba akatuluka m'dera la kwawo, malamulo a kumene wapitako sankamuteteza mokwanira pokhapokha patakhala pangano pakati pa mafumu awiriwo. Pamwamba pa mfumu ya túath panali ruiri, yomwe inkalandira mtulo kwa mafumu anzake angapo, ndipo pamwamba pa iyeyo panali rí ruirech, mfumu ya chigawo chonse monga Munster, Leinster, Connacht kapena Ulster. Mabuku akale a malamulo amathera pomwepo. Mfumu ya chilumba chonse saipatsa malo pamakwerero amenewa.

Chomwe chinkamanga mfumu yaing'ono kwa yaikulu chinali ng'ombe ndi anthu. Yaikulu inkapereka mphatso, ndipo wolandira mphatsoyo ndiye kuti wavomera kukhala pansi. Yaing'ono inkabweza mtulo, inkatumiza amuna ku nkhondo, ndipo koposa zonse inkapereka anthu a chikole, kawirikawiri ana kapena abale ake enieni, kuti azikakhala kwa mfumu yaikuluyo. Ikaphwanya pangano, anthu aja ankatha kuphedwa kapena kukolowoledwa maso. N'chifukwa chake mabuku a amonke olemba zochitika chaka ndi chaka akafuna kunena kuti mfumu yagonjetsa dera, amangoti "inatenga anthu a chikole a dera lakuti". Mfumu yogonjayo inkatsala pampando wake ndi anthu ake. Mfumu yatsopano ikalowa kumwambako, ntchito yotenga chikole inkayambiranso.

Buku lina la malamulo lotchedwa Críth Gablach, lolembedwa cha m'ma 700, ndimalikonda chifukwa limationetsa mfumu yaing'onoyo pafupi. Ulemu wake unali ndi mtengo: ma cumal 7, ndipo cumal imodzi kawirikawiri inkawerengedwa ngati ng'ombe zamkaka zitatu. Wom'nyoza kapena kum'vulaza ankalipa molingana ndi mtengo umenewo. Mfumu ya chigawo mtengo wake unali ma cumal 14. Koma ulemuwo unkatha kugwa. Mfumu ikapezeka itagwira nkhwangwa kapena fosholo ngati wantchito, ikayenda yokha popanda otsagana nayo, kapena ikavulazidwa kumbuyo kwa khosi pothawa kunkhondo, inkawerengedwa ngati munthu wamba. Bukuli limagawanso sabata ya mfumu: Lamulungu kumwa mowa, Lolemba kuweruza, Lachiwiri kusewera fidchell, masewera a pathabwa, Lachitatu kuonerera agalu akusaka, Lachinayi kukhala ndi mkazi wake, Lachisanu mpikisano wa akavalo, Loweruka kuweruzanso. Palibe mfumu inkatsata ndondomeko imeneyi tsiku ndi tsiku, koma imatiuza zomwe anthu ankayembekezera kwa iyo: kuchereza, kuweruza, ndi kuoneka pagulu ili yamphumphu.

Tsono ku funso lanu lachiwiri, lomwe ndi phata la nkhani yonse. Ufumu unkatsata magazi a kuchimuna. Mwana wa mlongo analibe gawo mwa njira imeneyo. Komabe lamulo lakuti mwana woyamba ndiye wolowa ufumu, lomwe linadzakhazikika ku England ndi ku France pambuyo pake, kunalibe. Ufumu unali wa fuko, ndipo mwamuna aliyense wa m'fukomo yemwe bambo ake, agogo ake kapena bambo wa agogo akewo anakhalapo mfumu ankadziona woyenera. Gulu la abale la mibadwo inayi limeneli ankalitcha derbfine. Onjezani mfundo yakuti malamulo ankalola mwamuna kukhala ndi akazi angapo ngakhale dzikolo linali lachikhristu, ndipo ana a akazi onsewo anali ndi ufulu wolowa m'malo mwa bambo, muona kuchuluka kwa anthu omwe ankayang'ana mpando umodzi. Munthu wotere ankatchedwa rígdamna, kutanthauza zipangizo zopangira mfumu. Panalinso tánaise, yemwe ankadziwika mfumu idakali moyo kuti ndiye akubwera pambuyo, ngakhale kuti ambiri otchedwa choncho sanafikeko pampando.

Katswiri wakale Eoin MacNeill ndiye anafalitsa ganizo lakuti derbfine inali malire enieni a olowa ufumu. Pambuyo pake Donnchadh Ó Corráin, atasanthula mndandanda wa mafumu a fuko la Uí Chennselaig ku Leinster, anaonetsa kuti chomwe chinkagamula nkhani ndi mphamvu: nthambi ya fuko yomwe inali ndi ng'ombe zambiri, anthu ambiri oidalira ndi malo abwino ndiyo inkatenga mpando. Ine ndili mbali ya Ó Corráin, koma ganizo la MacNeill limatithandizabe kumvetsa mantha omwe ankayendetsa anthuwa. Nthambi ikakhala mibadwo ingapo osalawako ufumu, inkatsika pang'onopang'ono, kukhala eni malo wamba, kapena kukabisala m'tchalitchi monga akuluakulu a nyumba za amonke. Choncho kwa mwana wa mfumu, kulephera kulowa ufumu kunali kutsekera zidzukulu zake khomo. Apa ndiye pankachokera nkhondo zambiri za pachibale.

Panalinso lamulo lakuti mfumu isakhale ndi chilema. Buku la malamulo a njuchi limasimba za Congal Cáech, yemwe anachotsedwa pa ufumu wa Tara, phiri lakale lachifumu la kufupi ndi Dublin, atalumidwa ndi njuchi m'diso. Congal ameneyu anadzafera kunkhondo ya Mag Rath m'chaka cha 637. Lamulo lomweli linabala mchitidwe womvetsa chisoni kwambiri. Popeza kupha mbale kunali tchimo loopsa, ena anapeza njira yom'chotsera pamzere osam'pha, yomwe inali kum'kolowola maso. M'chaka cha 1141 Diarmait Mac Murchada, mfumu ya Leinster, anapha kapena kuchititsa khungu akuluakulu 17 a m'chigawo chake. Mukamaphunzitsa nkhaniyi musaibise, chifukwa ikuonetsa mtengo womwe anthu ankalipira pa dongosolo lopanda wolowa m'malo mmodzi wodziwika.

Fuko lomwe linaposa onse kwa zaka pafupifupi 500 ndi Uí Néill, omwe ankati kholo lawo ndi Niall Noígíallach, Niall wa anthu a chikole asanu ndi anayi, wa m'zaka za m'ma 400. Nkhani za Niall mwiniwakeyo n'zosakanikirana ndi nthano, koma zidzukulu zake zikuoneka bwino m'mabuku. Kumpoto kunali nthambi ziwiri zikuluzikulu, Cenél Conaill ndi Cenél nEógain. Pakati pa chilumba panali Clann Cholmáin ndi Síl nÁedo Sláine. Wamkulu pa onsewa ankatchedwa mfumu ya Tara. Columba woyera, yemwe anakhazikitsa nyumba ya amonke pachilumba cha Iona m'chaka cha 563, anali wa Cenél Conaill, ndipo ambiri omwe anam'tsatira pa udindo wa Iona anali abale ake. Mpingo ndi ufumu zinali m'manja mwa mabanja omwewo.

Poyamba nthambi zonse zinayi zinkalimbirana Tara. Kenako ziwiri zinakankhidwira kunja: mfumu ya Síl nÁedo Sláine, Cináed, inaphedwa m'chaka cha 728, ndipo Flaithbertach wa Cenél Conaill anasiya mpando m'chaka cha 734. Kuchokera pamenepo ufumu unayamba kusinthana pakati pa Cenél nEógain kumpoto ndi Clann Cholmáin kummwera. Taonani mmene zinayendera kwa zaka 100. Niall Caille wakumpoto anamira mumtsinje m'chaka cha 846. Analowa Máel Sechnaill mac Máele Ruanaid wakummwera mpaka 862. Kenako Áed Findliath, mwana wa Niall Caille, mpaka 879. Kenako Flann Sinna, mwana wa Máel Sechnaill, yemwe anakhalitsa zaka 37 mpaka 916. Kenako Niall Glúndub, mwana wa Áed Findliath, yemwe anaphedwa ndi ma Viking, ankhondo oyenda panyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya, pafupi ndi Dublin m'chaka cha 919. Kenako Donnchad Donn, mwana wa Flann Sinna, mpaka 944. Mwana ankalowadi ufumu wa bambo ake, koma ankayamba wadikira kuti wa kutsidya adutse.

Musaganize kuti panali pangano lolembedwa kapena mtendere. Áed Findliath anaukira dziko la Máel Sechnaill mwiniwake adakali moyo, mothandizidwa ndi ma Viking a ku Dublin. Kusinthanaku kunkatheka chifukwa mfumu ikamwalira, ana ake ankatangwanika kaye ndi abale awo kulimbirana ufumu wa nthambi yawo, pomwe mfumu ya kutsidya inali itakhazikika kale ndipo inali yokonzeka. Ku Leinster kunachitika zofananako: nthambi zitatu za Uí Dúnlainge zinkapatsana ufumu wa chigawocho kuyambira 738 mpaka 1042.

Apa ndi pomwe amayi akulowa, ndipo mwina mbali imeneyi ikukhudzani inu amene mwafunsa za mwana wa mlongo. Mkazi sankapereka ufumu kwa mwana wake, koma ukwati ndiwo unkasoka nthambi ziwirizo. Land, mwana wa mfumu ya Osraige, anali mkazi wa Máel Sechnaill ndi mayi wa Flann Sinna, ndipo mwamuna wake atamwalira anakwatiwa ndi Áed Findliath, wolowa m'malo uja. Áed atamwalira, mkazi wake wina, Máel Muire, mwana wa Cináed mac Ailpín mfumu ya ku Scotland, anakwatiwa ndi Flann Sinna. Máel Muire yemweyo ndiye mayi wa Niall Glúndub, ndipo Niall anadzakwatira Gormlaith, mwana wa Flann. Ngakhale Congalach wa Síl nÁedo Sláine, yemwe anadula kusinthana kuja polowa ufumu m'chaka cha 944 nthambi yake itakhala kunja zaka zoposa 200, mayi ake anali mwana wa Flann Sinna. Kuchikazi sikunkapatsa mpando, koma kunkapatsa amalume ndi asilikali awo.

Za Tara penipeni: ndi phiri laling'ono m'boma la Meath, kumpoto chakumadzulo kwa Dublin, lokhala ndi manda ndi malinga akalekale a nthawi Chikhristu chisanafike. Mafumu omwe tikuwatchulawa sankakhalapo. A Clann Cholmáin ankakhala m'mbali mwa nyanja ya Lough Ennell, a Cenél nEógain ankatchedwa mafumu a Ailech, kumpoto kwenikweni. Phwando lakale la Tara, lomwe linkaimira ukwati wa mfumu ndi dziko, linachitika komaliza cha m'ma 560 mu ulamuliro wa Diarmait mac Cerbaill. Dzina la Tara ndilo linatsala, ndipo a Uí Néill ndi amonke awo analikuza mpaka kumveka ngati ufumu wa chilumba chonse. Adomnán, mkulu wa amonke ku Iona yemwe anamwalira m'chaka cha 704, analemba kuti Diarmait anaikidwa ndi Mulungu kulamulira Ireland yense. Anthu a ku Munster, omwe anali ndi fuko lawo lachifumu la Eóganachta pa thanthwe la Cashel, sankavomereza zimenezo. Woyamba kusandutsa mawuwo kukhala zochitika anali Máel Sechnaill wa 846 uja, yemwe analowa ku Munster ndi asilikali natenga anthu a chikole. Atamwalira m'chaka cha 862, amonke anam'lemba kuti mfumu ya Ireland yense. Pofika nthawi imeneyi mafumu ang'onoang'ono ambiri anali atayamba kutsitsidwa, ndipo m'mabuku ena amangotchedwa atsogoleri kapena eni dera. Choncho chiwerengero cha 150 chikuyenera bwino zaka za m'ma 700 kusiyana ndi nthawi ya Brian.

Brian Bóruma mac Cennétig, yemwe Angerezi amamutcha Brian Boru, sanali wa Uí Néill kapena wa Eóganachta. Anthu ake poyamba anali kafuko kakang'ono ka m'gulu la Déisi, m'mbali mwa mtsinje wa Shannon. Eóganachta atafooka, makamaka mfumu yawo Cormac mac Cuilennáin, yemwe analinso bishopu, ataphedwa kunkhondo ya Belach Mugna m'chaka cha 908, kafukoka kanakwera. Ndipo kukwera kwake kunafuna mbiri yatsopano. Akatswiri a mibadwo anawapatsa dzina lakuti Dál Cais ndi kholo lotchedwa Cormac Cas, yemwe anati anali mbale wa Éogan, kholo la Eóganachta, nawonjezera kuti kalekale mabanja awiriwa anayenera kumasinthana ufumu wa Cashel. Ichi ndi chinthu chomwe ndimafuna wophunzira aliyense achigwire: mndandanda wa makolo ku Ireland unali ngati chikalata cha umwini, ndipo unkakonzedwa kuti ugwirizane ndi yemwe ali ndi mphamvu lero. Tikamauwerenga timaphunzira zambiri za nthawi yomwe unalembedwa kuposa za makolo omwe ukuwatchula.

Mkulu wake wa Brian, Mathgamain, ndiye anayamba kutenga Munster, ndipo anaphedwa m'chaka cha 976. Brian anabwezera imfayo, nagonjetsa ma Viking a ku Limerick, ndipo anagwiritsa ntchito zombo pa Shannon kulowa nazo pakati pa chilumba. Mdani wake wamkulu anali Máel Sechnaill mac Domnaill wa Clann Cholmáin, osati wa 846 uja, yemwe anaphwanya asilikali a Dublin pa Tara m'chaka cha 980. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 980 Máel Sechnaill analowa m'dziko la Dál Cais nagwetsa mtengo wopatulika wa pa Mag Adair, pomwe ankalongerapo mafumu awo. Chinali chipongwe cholinga ku mizu ya ufumu wawo. Komabe m'chaka cha 997 awiriwa anagawana chilumba, wina kumpoto wina kummwera, ndipo m'chaka cha 1002 Máel Sechnaill anagonjera Brian. Mu 1005 Brian anapita ku Armagh, likulu la mpingo wa Patrick woyera, nasiya golide wolemera maaunsi 20 paguwa, ndipo mlembi wake analemba m'buku la tchalitchicho kuti Brian ndi imperator Scotorum, mfumu yaikulu ya Aairishi. Cenél Conaill anagonja komaliza mu 1011.

Umodzi umenewo sunathe zaka zitatu. Leinster ndi Dublin anaukira, ndipo pa 23 Epulo 1014, Lachisanu Loyera, panachitika nkhondo ya Clontarf. Nkhani yotchuka imati Brian anathamangitsa ma Viking m'dziko. Nkhaniyo inakometsedwa patapita zaka pafupifupi 100, m'nthawi ya mdzukulutuvi wake Muirchertach, pofuna kukweza banjalo. Zoona zake n'zakuti mbali ina inatsogoleredwa ndi Máel Mórda, mfumu ya Leinster, Mwairishi, pamodzi ndi ma Viking a ku Dublin, Orkney ndi Man, ndipo Sitric mfumu ya Dublin anali mkamwini wa Brian komanso mwana wa Gormlaith wina, mlongo wa Máel Mórda, yemwe anakhalapo mkazi wa Brian. Inali nkhondo ya anthu odziwana. Mbali ya Brian inapambana, koma iye, mwana wake Murchad ndi mdzukulu wake Toirdelbach onse anafera pomwepo. Máel Sechnaill anabwerera pampando mpaka imfa yake mu 1022. Ana a Brian otsala, Donnchad ndi Tadc, anayambana, Tadc anaphedwa mu 1023, ndipo Donnchad anachotsedwa nakafera ku Rome mu 1064.

Chomwe Brian anasiya ndi khomo lotsekuka. Ataonetsa kuti munthu wa kunja kwa Uí Néill angathe kutenga chikole cha chilumba chonse, mfumu ya chigawo chilichonse inayamba kuyesa. Olemba mbiri a nthawiyo anapeza mawu owatchulira: mafumu a Ireland okhala ndi otsutsa. Muirchertach Ua Briain anapereka thanthwe la Cashel ku mpingo mu 1101, mphatso yomwe inalandanso a Eóganachta likulu la makolo awo. Pambuyo pake mphamvu inasamukira ku Connacht kwa Toirdelbach Ua Conchobair, yemwe anamwalira mu 1156. M'zaka zomwezi ndi momwe alembi anasanja mndandanda wautali wa mafumu aakulu a Ireland kubwerera mpaka nthawi za nthano, wooneka ngati mpando umodzi womwe sunasowepo mwini. Mndandanda umenewo ndiwo ambiri amaupeza lero pa intaneti.

Maina a mabanja omwe mumawamva anachokera m'nthawi yomweyi. Ua, lomwe linadzakhala O', limatanthauza mdzukulu, ndipo Mac ndi mwana. O'Brien ndi zidzukulu za Brian, O'Connor ndi Ua Conchobair, ndipo O'Neill anatenga dzina kwa Niall Glúndub wa 919 uja, osati kwa Niall wa anthu a chikole asanu ndi anayi monga ambiri amaganizira.

Womaliza pamzerewu anali Ruaidrí Ua Conchobair, mwana wa Toirdelbach. Atatenga ufumu mu 1166, iye ndi anzake anathamangitsa Diarmait Mac Murchada wa ku Leinster, yemwe anawoloka nyanja kukapempha thandizo kwa Henry II wa ku England. Asilikali a Chinormani, mtundu womwe unkalamulira England nthawi imeneyo, anafika mu 1169, Henry mwiniwake mu 1171, ndipo pa pangano la Windsor mu 1175 Ruaidrí anavomera kukhala pansi pa Henry. Patapita zaka zochepa anasiya ufumu wa Connacht, womwe ana ake ndi mng'ono wake anadzalimbirana. Anamwalira mu 1198 ku nyumba ya amonke ya Cong, ndipo anaikidwa ku Clonmacnoise, komwe kunagonanso bambo ake.